Munda wa Pamsondodzi

Pune, 9 Ogasiti 2019

Baji Shagufta, mkulu wanga,

Salamu zanga zikupezeni inu, mayi athu Mouji, alamu anga a Mohidin ndi mwana wanu Insha. Ife kuno matupi ali bwino. Lero ndi tsiku lachisanu chidulireni mafoni ku Kashmir konse. Nambala yanu ndaiimba mpaka ine ndi kamayi kaja ka mu foni, kondiuza kuti amene ndikumufuna sakupezeka, tayamba kudziwana. Mawa ndiyamba kukafunsa za ana ake.

Ndiye ndakumbuka kuti kale anthu ankalemberana makalata, ndipo sankafa nazo. Mushtaq, uja amagulitsa mashawelo kuno, akukwera ndege mawa kukadyera Idi kwawo. Wavomera kukutulirani kalatayi pamodzi ndi jakisoni wa shuga wa Mouji wa miyezi iwiri. Musunge pozizira. Mundilembere: akudya? Miyendo ikutupabe? Asilikali alowa m'mudzi mwenimweni, kapena ali kumsewu waukulu?

Sindikudziwa kuti mwamva zingati. Ku Delhi achotsa ndime ija ya m'malamulo aakulu a India imene inkatipatsa ife malamulo athuathu ndi mbendera yathu. Dziko lathu aligawa pawiri, ndipo azililamulira ali komweko. Lapita nalonso lamulo lija loti nthaka ya Kashmir ndi ya ana a Kashmir okha. Mukulikumbuka. Ndi lomwe linadinda pa chiphaso changa kuti chigwira ntchito kufikira nditakwatiwa, ngati botolo la mankhwala a chifuwa. Khoti litandibwezera ine umwana wanga wa ku Kashmir, linamusiyabe mwana wanga Areeba panja, poti bambo ake ndi a ku Pune.

Lachiwiri anzanga a pa koleji anandibweretsera maswiti. Wophunzitsa masamu, munthu wabwinobwino, anandigwira dzanja, nati, "Mayi, mwamasuka tsopano." Ndinamufunsa kuti munthu womasuka amawaimbira bwanji mayi ake. Anati zimenezo nzamasiku ochepa, kenako mtima wake unatuluka: "Komanso inu munanyanya. Nyumba ndi imodzi, ana tilipo ambiri, bwanji mmodzi yekha akhale ndi chipinda chake ndi kiyi wake, enafe tikugona pabalaza?" Ndinati ndi mmene anagwirizanirana tsiku lomwe mwanayo ankalowa m'nyumbamo. Anati, "Aa, zakale zimenezo," nandipatsa switi lachiwiri.

Maswitiwo ndinabwera nawo kunyumba, poti Mouji sanatiphunzitse kutaya chakudya. Sohail anadya atatu, nati, "Basitu mkazanga, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala mlendo kwanu. Tsopano Areeba ndi mwini munda wa maapozi. Ndigule jombo?" Ndinamugenda ndi nsapato. Munthu ameneyu sasiyanitsa mtengo wa apozi ndi pholo la magetsi.

Poti tatchula munda, uli bwanji munda wanga wa pamsondodzi, uja bambo athu Abba anapatsa Mouji pa ukwati wawo ndipo Mouji amati ndi wa Nuzhat? Mukundisamalira bwino? Ndidzabwera kudzawerenga masamba ake limodzilimodzi.

Mundipsompsonere Mouji pamphumi. Yankhani ndi munthu aliyense amene akutsika kuno, kaya ndi pa chikutiro cha sopo.

Mng'ono wanu,
Nuzhat


Yarigam, 21 Ogasiti 2019

Nuzhat,

Salamu zako tazilandira. Tili moyo. Mushtaq anafika nayo kalata patapita sabata, chifukwa pa mlatho uliwonse pali waya waminga ndi mafunso. Jakisoni wafika. Magetsi akungozimazima, ndiye alamu ako amuika mu kabotolo namumiza ku kasupe. Idi tinaswali mu mzikiti wathu waung'ono, nkhosa sitinaphe. Insha ali pakhomo, sukulu nzotseka. Miyendo ya Mouji ikutupa madzulo okha.

Kalata yako Mouji anaipsompsona, anaiika pamaso, tsopano ili pansi pa pilo. Alamu ako awawerengera kanayi. Ine amene ndimawasambitsa, kuwawenga zikhadabo ndi kuwabaya jakisoni m'mawa uliwonse, mawu amene ndalandira sabata ino ndi oti mu tiyi wathu wamchere uja ndachulutsa mchere. Akuti, "Nuzhat ankaphika tiyi wofiirira bwino." Unaphika liti tiyi iwe? Unkalowa ku khitchini buku lili kumanja, nkutuluka buledi ali kumanzere.

Ine kalatayo ndaiwerenga ndekha kawiri, ndipo sindinaseke.

Iwe unapita ku koleji. Ine anandiuza kuti pakhomo popanda mwana wamwamuna, mwana wamkazi woyamba sachoka, amamubweretsera mkamwini. Mohidin ndinamuona nkhope tsiku la ukwati. Anapezeka munthu wabwino, ndi mwayi wanga, koma sindinasankhe. Iwe wako unasankha wekha, Abba anadwala mwezi wathunthu, ndipo amene ankawapatsa phala ndine. Lero chithunzi chomwe chili pamwamba pa wailesi ndi chako, wavala chipewa cha digiri.

Za munda wako. Pamene unkachoka munali mitengo isanu ndi iwiri yokalamba ndi minga. Lero muli mitengo makumi asanu ndi limodzi ndi inayi. Mohidin anamezanitsa uliwonse ndi mpeni wake, anakumba ngalande kuchokera kumtsinje, amadulira m'chisanu zala zitauma. Tonse tinkadziwa chinthu chimodzi ngakhale palibe anachitchula: mundawo ndi wako pa dzina, koma poti lamulo silikanamulola Areeba, udzabwerera kwa Insha. Nchifukwa chake tinadzala. Insha alibe bambo injiniya, alibe nyumba ya ku Pune. Ali ndi mitengo imeneyo.

M'mawa kogula buledi amuna akunena kuti anthu a ndalama a kumunsi ajambula kale mapu a minda yathu yonse. Wina akuti mahotela, wina akuti mafakitale. Ine akutaliwo sindikuwaopa kwenikweni. Nditawerenga kalata yako ndaona kuti mlendo woyamba ali kale m'banja, wadya maswiti atatu, ndipo akufunsa za jombo.

Ndiyankhe funso limodzi: mukufuna chiyani ndi munda umenewo? Usandiyankhe ndi nthabwala. Nthabwala zako ndimazidziwa, nthawi zonse zimakhala ndi fupa mkati.

Kalatayi ndapatsa dalaivala wa lole amene akuti ayesa kutsika ndi mapeyala. Akafika, afika.

Shagufta


Pune, 1 Seputembala 2019

Baji,

Salamu. Kapena ndinene kuti salamu kwa khoma, poti khoma nalo siliyankha koma silinamizira kuti ndi mkulu wa munthu.

Masabata atatu apita, sindinalandire kalikonse kochokera kwa inu. Mushtaq wabwerako, walumbira kuti kalata ndi mankhwala anapereka m'manja mwanu, ndipo munamupatsa tiyi ndi mazira awiri. Ndiye manja muli nawo.

Dzulo wandiimbira Rifat, mwana wa oyandikana nanu aja a Lone, amene amagwira ntchito ku Bangalore. Akuti mayi ake anayenda wapansi mpaka ku boma, komwe aikako foni imodzi ya anthu onse. Anaima pamzere maola anayi, nalankhula naye mphindi imodzi. Mayi a zaka makumi asanu ndi limodzi, a mawondo aja. M'mphindi imodzi imeneyo anapeza mpata womuuza kuti anakuonani kogula buledi, muli bwino, mwinanso mwanenepa. Ndasangalala kumva kuti mukudya. Ndamva kudzera ku Bangalore.

Kapena zakukomerani? Zaka zonsezi ndakhala ndikukuberani Mouji ola limodzi Lamulungu lililonse pa foni, inu mukugubuduza miphika kumbuyo kuti ndidziwe kuti wina akugwira ntchito. Tsopano boma lakubwezerani ola lanu. Muli nawo nokha, sabata yonse. Mukuwapesa tsitsi, mukumva nkhani za Abba zimene ine ndimangomva mapeto ake. Insha amadziwa kuti agogo ake akayamba kung'ung'udza nyimbo ndiye kuti shuga watsika. Areeba amawadziwa pa galasi la foni, nkhope theka, denga theka, poti sadziwa kuigwira.

Pepani. Ndikulemba ndi mantha, ndipo mantha anga amatuluka ali ndi mano. Mankhwala atha pakati pa Okutobala. Mundiuze ngati ku sitolo ya mankhwala kwatsegulidwa.

Njira zikangotseguka tikubwera tonse atatu. Sohail wapempha kale tchuthi. Akuti ulendo uno sakhala m'chipinda cha alendo kumangomwa tiyi ngati wodwala. Akufuna kuuyenda munda wa pamsondodzi kuchokera kumtsinje mpaka kumpanda, ndipo tepi yake yoyezera waiika kale m'chikwama, miyezi iwiri ulendo usanafike. Ndili ndi nkhani ya mundawo, koma sindingailembe m'kalata yodutsa m'manja mwa anthu anayi. Tidzakamba pamaso.

Iyi ikubwera ndi mphwake wa Mushtaq. Yankho lake libwere ndi yemweyo, chonde.

Nuzhat


Yarigam, 14 Seputembala 2019

Mlamu Nuzhat, salamu. Wolemba ndine Mohidin, koma mawu ndi a Mouji. Akhala pakhonde, andiuza kuti ndisasinthe ngakhale limodzi. Nawa:

Nuzi wanga, kuwala kwa maso anga. Ndili bwino, usalire. Ndikudya mpunga ndi masamba, jakisoni wako ndi wabwino kuposa wa kuno, sapweteka. Kalata yako yachiwiri inafika Lolemba. Mkulu wako anandiwerengera yekha ndi kundimasulira, poti iwe umalemba mozungulira ngati mtsinje. Wandiuza kuti amuna ako akubwera ndi chingwe choyezera. Wandiuza kuti si kufuna kwako, koma kampani yawo ikufuna malo a m'mbali mwa madzi omangapo hotela, ndipo mkazi sangakanize mwamuna m'dziko la eni. Sindinagone masiku awiri. Munda umenewo abambo ako anandipatsa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinaganiza za anthu osadziwa dzina lawo akusuta fodya pansi pa msondodzi.

Ndinafunsa kuti kodi pali nthaka imene munthu wa ndalama sangaigwire? Mkulu wako anati ilipo imodzi, ya Mulungu. Ndiye dzulo Lachisanu, swala itatha, ndinaitana a Imamu ndi akulu awiri a mzikiti. Ndinanena katatu pamaso pawo kuti munda wa pamsondodzi ndaupereka wakfu, mphatso kwa Mulungu, ukhale manda a anthu a Yarigam mpaka tsiku la chiweruzo. Ukudziwa kuti manda akale adzaza, ndipo ali kutsidya kwa mlatho. A Imamu analira. Ndinawauza kuti mundawo unali wako, ndiye mphoto yake kwa Mulungu alembe pa dzina lako. Aliyense wogona mmenemo azidzakupempherera. Ndakusungira chako pamalo pomwe sichingabedwe, mwana wanga. Uzivala zofunda, kumeneko akuti kulibe chisanu koma mphepo ya fani ndi yoipa.

Athera pamenepo, alowa m'nyumba. Apa ndikulankhula ndine.

Mlamu, ine sindinafunsidwe. Mkamwini amafunsidwa za mankhwala opopera ndi za denga likadontha. Ndinamva pamodzi ndi a Imamu. Makalata anu onse awiri ndawawerenga, mawu oti hotela sindinawaonemo, koma maso anga ndi a sitandade teni.

Anthu atapita ndinamufunsa mkulu wanu kuseri kwa khola. Ndinati, "Mayi a Insha, wapindulanji? Insha nayenso wataya. Zipatso tsopano ndi za mzikiti, ndipo mitengo izidzagwa mzere ndi mzere anthu akamamwalira."

Anati, "Bola tisowe tonse, kusiyana ndi kuona mwana wa ku Pune akuthyola zomwe unadzala iwe."

Ndinati, "Amene ndinadzalane sindinadandaule."

Anati, "Iwe sudandaula chilichonse. Nchifukwa chake Abba anakusankha."

Pamenepo ndinapita kukamwetsa ng'ombe.

Chomwe ndalembera ndi ichi. Ndinawafunsa a Imamu pambali ngati mawu oterewa amabwezedwa. Anakanda ndevu nthawi yaitali. Akuti pepala silinalembedwe poti maofesi ngotseka, ndipo malinga ngati simunagone munthu, woperekayo akabwera kudzanena kuti anauzidwa zosakhala zoona, khomo silinatsekeke kwenikweni. Koma tsiku lomwe mudzalowe maliro oyamba, nkhani yatha, palibe khoti kapena shehe amene angatsegule. Ngati muli ndi mawu, atumizeni msanga, ndipo alembeni mowongoka kuti ndiwawerengere Mouji ndekha. M'mudzi muno okalamba ndi ambiri, ndipo chipatala chili kuseri kwa mawaya asanu.

Kalatayi ikupita ndi mphunzitsi amene akutsikira ku Jammu, akaiponya kumeneko.

Mlamu wanu,
Ghulam Mohidin


Pune, 16 Seputembala 2019

Baji,

Salamu. Kalata yanu ya pa 21 Ogasiti yafika lero, patatha masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, ikununkha dizilo ndi mapeyala owola. Ndi yoyamba kulandira kuchokera kumudzi chiyambire zonsezi. Ndinayamba ndaipsompsona. Nditaiwerenga ndinafuna kulavula.

Mwati ndisayankhe ndi nthabwala. Ndiyesa. Zili ngati kundiuza kuti ndiyende osagwedeza manja, koma ndiyesa.

Mitengo sindikuifuna. Sohail sakuifuna. Za jombo ankandiseka ine, chifukwa ndinali ndikulira chigwirire foni, ndipo nzeru ya mwamuna wanga ikafika pamapeto imasanduka nthabwala zopusa. Lamulo latsopano la minda palibe amene waliona, ngakhale maloya a kuno akungoyerekeza. Koma ine sindinadikire. Pa 20 Ogasiti, tsiku limodzi inu musanakhale pansi kundilembera za fupa, ndinali kwa loya. Pepala lili m'kabati: tsiku lomwe Mouji adzandipatse mundawo, mitengo yonse, ndi nthaka yomwe yaimapo, ndi za Insha. Alamu anamezanitsa, mwana wawo adye. Ndinkafuna kudzakupatsani m'manja, ndione nkhope yanu ikusowa chonena kamodzi m'moyo.

Chomwe ndikufuna ndi kangodya kaja ka pansi pa msondodzi, pomwe maapozi sabereka chifukwa cha mthunzi. Mapazi asanu ndi limodzi uku, asanu uku. Tepi ija ndi ya pamenepo. Chipinda chimodzi, mbaula, zenera loyang'ana kumtsinje, ndi kiyi amene ndizisunga ine, kenako Areeba.

Mudzati nyumba ya Abba ili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi. Inde. Ndikabwera mumandigoneka m'chipinda cha alendo, pa bulangete lija la maluwa lomwe limatuluka m'bokosi kawiri pa chaka. Mumandithirira madzi osamba m'manja ndisanadye. Ndikagwira tsache mumandilanda. Tsiku lachitatu inu mumafunsa, mwaulemu wonse, kuti ndege yanga ndi ya liti. Ndinabadwira m'chipinda cham'mwamba chija, Baji, ndipo lero ndimagogoda ndisanalowemo, poti mukugona ndinu.

Mukudandaula kuti Mouji akukukalipirani za mchere. Ine chichokereni sanandikalipirepo. Amandilankhula ndi mawu omwe amalankhulira a dokotala. Mukanadziwa mmene ndimasirira kukalipiridwa kumeneko. Chithunzi cha pa wailesi chija tengani, mundipatse sabata imodzi yoti ndichulutse mchere.

Onani, ndafika kumapeto ndi nthabwala ziwiri zokha. Muwerengereni Mouji kalatayi yonse, osadumpha.

Mng'ono wanu, amene simunamusankhe nayenso,
Nuzhat


Yarigam, 4 Okutobala 2019

Nuzhat,

Salamu. Mouji ali bwino. Mankhwala tapeza ku tauni, usatumize ena.

Pofika pano kalata ya alamu ako uyenera kuti unailandira, ndiye za wakfu ukuzidziwa. Yako ya chipinda inafika Lamulungu pa 29. Inachedwa ndi masiku anayi.

Lachitatu pa 25 anamwalira a Sonaullah Wagay, aja ankatibweretsera mkaka tili ana, ankakutcha kamphunzitsi. Amuna ananyamula maliro pa jeneza kulunjika ku manda akale. Pa mlatho anapeza potseka, tsiku limenelo kunali chipolowe kumsewu waukulu ndipo sankalola ngakhale mbuzi. Anadikira mpaka dzuwa linapendeka. Maliro athu sagona. A Imamu anati, "Tili ndi malo kutsidya kuno, Mulungu anatikonzera kale." Anabwerera nawo.

Anadutsa pakhomo pathu kudzatenga mafosholo. Mohidin anaima pachipata, nandiyang'ana. Anali atandiuza kale zomwe a Imamu ananena, zoti khomo likadali lotsegula. Ndikanangonena kuti dikirani, Mouji anauzidwa zolakwa. Mawu anayi. Amuna makumi atatu anali chiimire, jeneza lili pamapewa, ana a malemu akulira. Ndinalowa m'nyumba kukatenga nsalu yotchingira manda.

Mohidin anadula yekha mitengo iwiri ya kumpanda kuti apeze pokumba. Inali ndi zipatso zofiira kale. Sanalole wina kugwira nkhwangwa. Chichokereni tsiku limenelo amadya, amaswali, amandiyankha ndikamufunsa, basi.

Za hotela ndinapeka ine. Za tepi sindinapeke. Unalemba wekha kuti uli ndi nkhani ya munda yosalembeka. Munthu amene watsekeredwa masabata asanu, wopanda foni, akumva za mapu m'mawa uliwonse, umafuna aganize chiyani? Ukanalemba za chipinda m'kalata yoyamba ija m'malo mwa jombo. Unaphunzira zaka zonse zija kuti uzinena chinthu choyamba pomaliza.

Kalata yako ndinawawerengera Mouji yonse, osadumpha. Nditamaliza anandiuza kuti ndiwaveke shawelo ndiwaperekeze kumunda. Anayenda okha mpaka pansi pa msondodzi, nagogoda pansi ndi ndodo. Anati, "Ine mudzandiike apa." Anagogodanso pambali pake. "Apa ndi pa Nuzhat. Anapempha ngodya imeneyi, aipeza." Ndinafunsa kuti nanga ine. Anati, "Iwe kumapazi kwanga. Unazolowera."

Ndiye usadandaule kwambiri. Ngakhale pamenepo wapambana ndiwe.

Akulu a mzikiti anakhala pansi Lachisanu kuika malamulo a mandawo, poti malo ndi ochepa. Agwirizana kuti ogona mmenemo ndi obadwira mu Yarigam, ndi amene anakwatira kapena kukwatiwa kuno nakhala kuno. Iwe ulimo. Ndinatuma Mohidin kukafunsa za Areeba. Anati sanabadwire kuno, ndipo bambo ake si a kuno.

Insha sakundilankhula. Anawerenga za pepala la loya.

Sindikudziwa mawu amene ukufuna kuti ndilembe apa. Ndawafunafuna, onse akuoneka aang'ono.

Shagufta


Pune, 15 Okutobala 2019

Baji,

Salamu kwa Mouji. Salamu kwa alamu, muwauze kuti mitengo iwiri ija ndailira nawo. Salamu kwa Insha. Inunso.

Dzulo masana mafoni ena atsegulidwa, mukudziwa, poti yanga inalira katatu ndi dzina lanu. Masiku makumi asanu ndi awiri ndakhala ndikupempha Mulungu kuti dzina limenelo liwale pa galasi. Linawala, ndinaliyang'ana mpaka linazima. Mouji ndalankhula nawo pa foni ya alamu. Kwa inu ndilemba, tazolowera.

Makalata onse awiri ndinawalandira tsiku limodzi, ya alamu yondiuza kuti ndifulumire ndi yanu yondiuza kuti ndachedwa. Ndinawawerenga motsatana, ndili chiimire pa masitepe.

Ndikuvuleni chipewa. Ku Delhi kunafunika nyumba ziwiri za malamulo, asilikali osawerengeka ndi kudula mafoni a anthu mamiliyoni kuti achotse lamulo lija. Inu mwalibwezeretsa ndi a Imamu mmodzi, akulu awiri ndi fosholo. Ine ndilowe, mwana wanga atsale pachipata. Ndi lomwe lija, mwangolikwirira pansi pomwe wina sangalifikirenso.

Malo a pambali pa Mouji ndawalandira. Ndikudziwa kuti munalemba za kumapazi zija mukuyembekeza kuti mng'ono wanu wophunzira anena kuti ayi Baji, tengani ndinu, munawasamala ndinu. Munawasamaladi. Koma sindikupatsani. Ndinapempha mapazi asanu ndi limodzi okhalamo ndi moyo, mwandisiyira awiri ogonamo, ndipo amenewo ndiwagwira ndi manja onse. Muwauze akulu a mzikiti alembe dzina langa m'buku lawo, ndi inki.

Pepala la loya ndibwera nalo, ndidzampatse Insha. Silipereka kanthu tsopano, koma adziwe kuti linalipo, ndi tsiku lomwe linalembedwa.

Areeba anandipeza pa masitepe paja, anawerenga kalata yanu ali kumbuyo kwanga. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, sindingamubisirenso mapepala. Sanalire. Anandifunsa kuti, "Ndiye inu mukadzagona kumeneko, ine ndizidzabwera ngati ndani? Ndizidzagogoda kwa ndani?" Ndimaphunzitsa ana a eni za maboma ndi malamulo awo chaka ndi chaka, koma ndinamuuza kuti sindikudziwa. Ndinati amene akudziwa ndi mayi ake aakulu.

Tifika pa 26. Sohail sabwera, akuti alibenso choyeza. Areeba akubwera. Chikashmiri chake ndi cha moni ndi mayina a zakudya basi, koma sabata yonseyi wakhala akuloweza funso lakelo m'chilankhulo chanu, mawu ndi mawu, patsogolo pa galasi, kuti musadzanene kuti simunamve. Adzakufunsani pamaso pa Mouji. Ine ndidzakhala pomwepo, ndipo sindidzakuthandizani.

Nuzhat